Kodi zimene atsogoleri achita kuti MERA, MACRA ndi mabungwe ena oyang'anira azigwira ntchito poyera zaphula kanthu?

Mphunzitsi wa ku Dowa

Ndikupempha inu amene mumadziwa bwino malamulo ndi kayendetsedwe ka boma kuti mundithandize pa funso limene lakhala likundisowetsa mtendere. M'dziko muno muli mabungwe amene sitiwavotera pa chisankho, koma zigamulo zawo zimalowa m'thumba la munthu aliyense. MERA imaika mtengo wa petulo, dizilo, palafini ndi magetsi, MACRA imapereka ndi kulanda ziphaso za mawailesi ndi makampani a lamya, Malawi Bureau of Standards imavomereza katundu amene timagula m'masitolo, ndipo PMRA imayang'anira mankhwala amene timamwa.

Atsogoleri athu akhala akulonjeza kuti mabungwe otere azichita zinthu poyera ndiponso aziyankha pa zochita zawo. Mu 2015 boma la Pulezidenti Peter Mutharika linakhazikitsa ndondomeko yokonzanso ntchito za boma motsogozedwa ndi malemu Saulos Chilima, ndipo maunduna ndi mabungwe ankasaina mapangano a zimene adzakwaniritse. Mu 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anathetsa mabodi a mabungwe a boma, boma lake linalola kuti lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga liyambe kugwira ntchito, ndipo iwo eni anapita ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso a aphungu. Kodi pa zonsezi, ndi chiti chimene chinasinthadi momwe mabungwe oyang'anirawa amagwirira ntchito? Ndiponso kodi n'zotheka kuti Pulezidenti, amene amasankha anthu okhala m'mabodi amenewa, akhalenso woonetsetsa kuti mabodiwo sakubisa kanthu?

Mayi wa Zamalamulo

Aphunzitsi, mwa zonse zimene mwatchula, chimene chili ndi mizu ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, chifukwa zinazo zinkadalira mtima wa munthu amene anali pampando nthawi imeneyo, pomwe lamuloli limakhalapobe ngakhale pampando pakhale wina. Komabe mbiri yake yomwe ikuyankha mbali ya funso lanu lachiwiri. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko linapereka ufulu umenewu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, koma panafunika lamulo la Nyumba ya Malamulo lolongosola njira yake. Atolankhani, makamaka kudzera ku MISA Malawi, analimenyera nkhondo kwa zaka zoposa khumi. Aphungu analivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Mutharika analisaina mu Febuluwale 2017, koma tsiku loyamba kugwira ntchito linasiyidwa m'manja mwa nduna yofalitsa nkhani, ndipo tsikulo silinalengezedwe mpaka boma litasintha. A Gospel Kazako atakhala nduna ndi pamene lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Zaka zitatu ndi theka zinapita chifukwa cha siginecha imodzi ya nthambi yolamula ya boma.

Zimene lamuloli limapereka si zazing'ono. Bungwe lililonse la boma, kuphatikizapo MERA ndi MACRA, liyenera kukhala ndi mkulu wolandira zopempha za anthu ofuna uthenga. Munthu amene satha kulemba angathe kupempha pakamwa, bungwe liyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo likakana liyenera kunena zifukwa zake. Wosakhutira angadandaule ku Malawi Human Rights Commission, imene inapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, kenako ku bwalo lalikulu la milandu. Lamuloli limalamulanso mabungwe kuti zinthu zina azizitulutsa okha osadikira kuti wina apemphe, ndipo kwa ine mbali imeneyi ndi yofunika kuposa inzake, popeza mlimi wa ku Nambuma sangapemphe chikalata chimene sakudziwa n'komwe kuti chilipo.

Palinso gawo 43 la malamulo aakulu, limene anthu ambiri salidziwa ngakhale kuti ndi limene limakhudza mabungwe oyang'anira mwachindunji. Gawoli limati chigamulo chilichonse cha ofesi ya boma chiyenera kukhala chotsata malamulo ndi chachilungamo m'kachitidwe kake, ndipo munthu amene chigamulocho chakhudza ufulu kapena zofuna zake ayenera kupatsidwa zifukwa zolembedwa. Choncho bungwe likakaniza munthu chiphaso kapena kutseka bizinesi yake, silikumuchitira chifundo pomuuza chifukwa; likukwaniritsa udindo umene malamulo analipatsa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti boma lomwelo limene linatsegula chitseko mu 2020 linachitsekanso pa nkhani ina yaikulu. Zitadziwika kuti ndalama zokwana K6.2 biliyoni zolimbana ndi Covid-19 sizinayende bwino, Pulezidenti Chakwera anatuma a Chilima mu Febuluwale 2021 kuti aunike nkhani za maalawansi, kagulidwe ka katundu wa boma ndi kalembedwe ka ntchito. Lipoti linaperekedwa mu Meyi chaka chomwecho, koma boma silinalitulutse kwa anthu ngakhale kuti mabungwe ambiri analipempha. Mkulu wa bungwe loyang'anira akaona kuti ku likulu lipoti lonena za kukonza boma likusungidwa mwachinsinsi, n'kovuta kuti iye aone chifukwa chotulutsira zake.

Wowerengera Ndalama wa ku Limbe

Ndikugwirizana ndi mayi alemba pamwambapa, koma ndikufuna kuti titsike pa chitsanzo chimodzi, chifukwa mawu akuti kuchita zinthu poyera amamveka bwino pamene tawaika pa mtengo wa lita imodzi ya petulo.

MERA inakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2004, ndipo mu 2012, kwacha itatsitsidwa mphamvu mu ulamuliro wa Pulezidenti Joyce Banda, dziko linayambanso kutsata njira yakuti mtengo wa mafuta uzisintha wokha malinga ndi masamu. Masamuwo ndi osavuta kuwamvetsa. Amayamba ndi mtengo wa mafuta pa msika wa dziko lonse, n'kuwonjezapo ndalama zowanyamulira kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam pamodzi ndi inshuwalansi, zonsezo n'kuzisintha kuchoka ku dola kupita ku kwacha. Pamwamba pake amaikapo misonkho yosiyanasiyana, monga wokonzera misewu ndi wopititsira magetsi kumidzi, kenako phindu la oitanitsa, ogulitsa mopikulitsa ndi eni malo omwetsera mafuta. Mtengo wofikitsira mafuta m'dziko muno ukasintha ndi maperesenti oposa 5, mtengo wa pa pampu uyenera kusinthanso, ndipo ukasintha pang'ono pali thumba lapadera lokhazikitsira mitengo limene limatseka kusiyanako.

Tiyenera kuvomereza kuti MERA imatulutsa zikalata zofotokoza chifukwa chimene yakwezera kapena kutsitsira mtengo, ndipo pa nkhani ya magetsi imachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu ESCOM ikapempha mitengo yatsopano ya zaka zinayi. Pa misonkhano imeneyo mabungwe ngati CAMA, loimira ufulu wa ogula, ndi a zamalonda amafunsa mafunso olimba, ndipo MERA imapatsa ESCOM miyezo ya ntchito imene iyenera kukwaniritsa. Zimenezi ndi zabwino, ndipo si mabungwe onse amene amafika pamenepo.

Vuto limaoneka pamene masamu akunena china koma mtengo ukunena china. Kwacha itatsika ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023, petulo anafika pa K2,530, ndipo anakhala pomwepo kwa nthawi yoposa chaka ndi theka, ndalama zakunja zikusowa, oitanitsa mafuta akudandaula kuti akugulitsa motsika kuposa mtengo wogulira, ndipo anthu akugona pa mizere pamene ena akugula mafuta a m'zigubu pa mtengo wokwera kwambiri. Ine sindikunena kuti kusakweza mtengo kunalibe zifukwa, pakuti aliyense amadziwa chimene kukwera kwa dizilo kumachita ku mtengo wa minibasi, wa kuchigayo ndi wa feteleza. Funso langa ndi lakuti anagamula ndani. Ngati inali bodi ya MERA, inayenera kutiuza chifukwa chimene inasiyira masamu amene inadziikira yokha. Ngati linali boma, linayenera kunena poyera kuti lasankha kuimitsa masamuwo, kutiuza kukula kwa ngongole imene ikuunjikana mwezi ndi mwezi, ndi kutchula amene adzailipire. Wogula soya amene watembenuzira sikelo kwa iye yekha angathe kukhala woona mtima, koma mlimi alibe njira yodziwira zimenezo, ndipo umu ndi momwe wogula mafuta amakhalira pamene masamu onse sakuonetsedwa.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti Pulezidenti aliyense wofunadi kuti mabungwewa aziyankha angathe kuyamba ndi chinthu chimodzi chosafuna ndalama: alamule kuti langizo lililonse limene nduna kapena ofesi yake ipereka ku bungwe loyang'anira likhale lolembedwa, lisindikizidwe mu Gazeti ya boma ndi kuperekedwa ku Nyumba ya Malamulo. Malangizo a pa lamya ndi amene amaononga, chifukwa zinthu zikavuta bodi imaloza boma, boma limati bungwelo ndi loima palokha, ndipo palibe amene amayankha.

Bambo Wopuma pa Ntchito ya Boma

Ana anga, ndawerenga zonse, ndipo ndikufuna kusiyana nanu pang'ono. Mukulankhula ngati kuti dzanja la Pulezidenti pa mabungwewa ndi loipa nthawi zonse, koma kumbukirani kuti mwa onse amene tikuwatchulawa, Pulezidenti ndi aphungu okha ndi amene anthu angawachotse ndi voti. Bodi ya anthu ochepa amene palibe anawasankha ikakweza mtengo wa magetsi, mayi wogulitsa mandasi ku Mchesi sangaichotse. Gawo 12 la malamulo aakulu limati mphamvu zonse za boma ndi zongosungitsidwa ndi anthu, ndipo zimapitirira pokhapokha anthuwo akukhulupirirabe wozisunga. Choncho boma losankhidwa lili ndi ufulu woika mfundo zikuluzikulu, ndipo bungwe loima palokha siliyenera kukhala boma lachiwiri losayankha kwa wina aliyense. Pa mfundo yakuti malangizo azilembedwa, achimwene a ku Limbe anena zoona ndipo ndilibe chowonjezera.

Pamene ndimaona kuti pali bala lenileni ndi pa kasankhidwe ka mabodi. Mwatchula kuti mu 2020 mabodi anathetsedwa, ndipo anthu ambiri anaomba m'manja poganiza kuti ndi kuyeretsa. Koma mabungwe ambiri anakhala miyezi ingapo opanda bodi, ndipo bungwe lopanda bodi limakhala m'manja mwa akuluakulu olembedwa ntchito ndi unduna, popanda wowayang'anira. Mayina atsopano atatuluka mu Seputembala chaka chimenecho, amayi anachita zionetsero mu Okutobala chifukwa chiwerengero chawo sichinafike pa mlingo umene lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limafuna, wakuti mbali iliyonse isachepere maperesenti 40. Chizolowezi chothetsa mabodi boma likasintha chimaphunzitsa membala aliyense kuti mpando wake ukudalira chipani cholamula, ndipo munthu wotero sangakane langizo la pa lamya.

N'zoona kuti mayina a mamembala a MERA ndi MACRA amapita ku komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona za kusankhidwa kwa anthu m'maudindo. Koma komitiyo imaunika mayina amene yapatsidwa, siidziwa amene anasiyidwa ndi chifukwa chake. Ndikanakonda kuona mipando imeneyi ikulengezedwa m'nyuzipepala, ofuna akulemba makalata, mayina a opikisana ndi maphunziro awo akutulutsidwa, mafunso akuchitika pamaso pa atolankhani, ndipo nthawi ya mamembala ikutha mosiyanasiyana kotero kuti Pulezidenti mmodzi asadzaze bodi yonse tsiku limodzi. Pulezidenti Chakwera analonjeza kuchepetsa mphamvu za ofesi yake, ndipo lonjezo limenelo linali lolondola, koma kuti likhazikike linafunika kulowa m'malamulo amene anakhazikitsa mabungwewa.

Za mapangano a ntchito a mu 2015, ndinene mwachidule kuti anathandiza m'maofesi ena, koma ankasainidwa pakati pa bungwe ndi akuluakulu a boma, ndipo kuyankha kwake kunkapita kumwamba, osati kwa anthu ogwiritsa ntchito magetsi ndi lamya.

Mtolankhani wa Wailesi ya M'dera

Bambo, mwalankhula za mabodi, ndipo ife a mawailesi timadziwa kulemera kwa nkhani imeneyo. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, MACRA inaletsa mawailesi kuulutsa zochitikazo pompopompo. Mu Juni 2019, chisankho chitangotha ndipo anthu akutsutsa zotsatira zake, inaletsanso mapulogalamu oimba lamya. Chiletso chachiwirichi sichinachotsedwe ndi Pulezidenti kapena nduna. MISA Malawi ndi nyumba zina zoulutsa mawu anapita ku bwalo lalikulu la milandu, ndipo bwalo ndi limene linaona kuti chiletsocho sichinali chovomerezeka. Pamene zofuna za boma ndi za bungwe loyang'anira zakumana, nthambi yolamula singadziletse yokha, ndipo apa ndi pamene yankho la funso lachiwiri la aphunzitsi likuonekera.

Mu 2022 MACRA inalanda ziphaso za nyumba zingapo zoulutsa mawu chifukwa cha ngongole za malipiro a ziphasozo. Kutolera ndalama zimene lamulo limafuna si kulakwa. Koma kuti anthu akhulupirire kuti palibe tsankho, bungwe liyenera kutulutsa mndandanda wa onse amene ali ndi ngongole, kuchuluka kwake, machenjezo amene anapatsidwa ndi nthawi imene aliyense anapatsidwa kuti alipire. Popanda zimenezo, ngakhale chigamulo cholungama chimaoneka ngati chandale, ndipo wailesi imene yatsala imayamba kuopa kufunsa mafunso.

Ndiwonjezerenso kuti chikalata choikidwa pa intaneti chokha sichifika kwa anthu ambiri a m'dziko muno, amene amakhala kumidzi ndipo amamva nkhani pa wailesi. Bungwe likasintha mtengo, mkulu wake azibwera pa wailesi kudzafotokoza m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zilankhulo zina, ndipo azilandira mafunso a omvera.

Mphunzitsi wa ku Dowa

Zikomo kwambiri nonse. Ndamva kuti lamulo lopeza uthenga ndi limene lingatithandize kwambiri, koma ndikufuna kudziwa poyambira. Kodi gulu la anthu wamba, monga komiti ya chitukuko ya m'dera kapena bungwe la oyendetsa kabaza, lingapemphe chiyani kwenikweni ku bungwe loyang'anira, ndipo likapanda kuyankhidwa lingapite kuti kupatula ku khothi, kumene ambiri sitingakwanitse kulipira loya?

Mayi wa Zamalamulo

Aphunzitsi, pemphani zikalata zimene zilipo kale ndipo muzitchule mayina, chifukwa funso lotambalala limapatsa bungwe mpata woyankha motambalala. Ku MERA mungapemphe tsatanetsatane wa mtengo wa lita imodzi wa mwezi umene mwasankha, ndalama zimene zili m'thumba lokhazikitsira mitengo, ndalama za msonkho wa misewu ndi wa magetsi akumidzi zimene zatoleredwa ndi zimene zaperekedwa kwa eni ake, komanso zotsatira za ESCOM pa miyezo imene inapatsidwa. Ku bungwe lililonse mungapemphe lipoti la pachaka, lipoti la ofufuza za chuma, maalawansi a mamembala a bodi, ndi chiwerengero cha madandaulo a anthu amene alandiridwa ndi amene athetsedwa. Lembani kalata kwa mkulu woona za uthenga, ikani tsiku, sungani kope lodindidwa chidindo cha ofesiyo, ndipo yambani kuwerenga masiku 15 aja. Angakane zinthu zina zimene lamulo limateteza, monga chinsinsi cha munthu payekha, chitetezo cha dziko kapena chinsinsi cha malonda, koma ayenera kutchula chifukwacho m'kalata, ndipo kalata yokana ndi imene mudzapite nayo patsogolo.

Khothi si khomo loyamba. Pa nkhani yokanizidwa uthenga, pitani ku Malawi Human Rights Commission. Pa nkhani ya chigamulo chopanda chilungamo kapena kuchedwetsa dala, pitani kwa Ombudsman, kumene simulipira kanthu. Ofesi imeneyi inasonyeza kuti ingafike ku mabungwe oyang'anira pamene mu 2021 a Grace Malera anagamula kuti kalembedwe ka mkulu wa MERA sikanatsate ndondomeko, nkhani imene pambuyo pake inapita ku khothi. Mungalemberenso phungu wanu kuti afunse nduna m'Nyumba ya Malamulo, kapena kupereka nkhaniyo ku komiti ya aphungu yoona momwe chuma cha boma chagwiritsidwira ntchito, imene imaitana akuluakulu a mabungwe kudzayankha pa malipoti a mkulu wofufuza za chuma cha boma.

Pa zimene bambo opuma pa ntchito anena, ndikuvomereza kuti boma losankhidwa lili ndi malo ake, ndipo ndikuona ntchito zitatu zimene ndi nthambi yolamula yokha ingazichite. Ndi nduna ya zachuma imene imakonza bajeti, choncho ndi boma limene lingapatse Malawi Human Rights Commission ndi Ombudsman ndalama zokwanira kufufuza madandaulo m'maboma onse. Ndi boma limene lingabweretse ku Nyumba ya Malamulo bilu yokonza lamulo lakale la zinsinsi za boma la nthawi ya atsamunda, limene mpaka lero limachititsa wogwira ntchito m'boma kuopa kupereka ngakhale chikalata chimene lamulo latsopano limalola. Ndipo ndi boma limene liyenera kuonetsetsa kuti mphamvu zatsopano zikupita limodzi ndi kuwala kwatsopano. Lamulo la mpikisano pa malonda la mu 2024 linapatsa CFTC, bungwe loyang'anira mpikisano ndi chilungamo pa malonda, mphamvu yolipiritsa yokha chindapusa kwa makampani ophwanya malamulo, zimene ogula ambiri anazilandira bwino, koma bungwe lokhala ndi mphamvu yotero liyenera kusindikiza chigamulo chilichonse ndi zifukwa zake zonse, kuti wamalonda wamng'ono wa ku Mzuzu adziwe kuti akuyezedwa ndi muyezo womwewo umene wayezera kampani yaikulu ya ku Blantyre. Ngati komiti yanu ikufuna kuyamba mwezi uno, yambani ndi kalata imodzi yopempha tsatanetsatane wa mtengo wa dizilo, ndipo yankho limene mulandire, kaya ndi chikalatacho kaya ndi kukana, mudzaliwerenge pa msonkhano wa m'dera ndi kulitumizanso ku wailesi.